Mphunzitsi Amene Anapambana Mitsutso Yonse

Ku Kawale, mumzinda wa Lilongwe, kunali mphunzitsi wina wa ku pulayimale amene analowa mumphakati chifukwa cha kalata basi. Mwana wake wachiwiri ankayenera kubatizidwa, ndipo ku parishi anamuuza kuti popanda umboni wa a mumphakati dzina la mwanayo silingalembedwe. Dzina lake ndilisunga. Tizingoti aphunzitsi, monga mmene tonse tinkawaitanira. Mayi a kunyumba kwawo ndiwo anali akhristu odziwika, osajomba pa maliro, pa odwala ndi pa zopereka. Bambowo ankangofika ku Misa ya Khirisimasi ndi ya Pasaka, n'kukhala kumbuyo pafupi ndi chitseko.

Kwa amene si Akatolika, mphakati ndi kagulu ka mabanja oyandikana nyumba amene amakumana kwa mmodzi wa iwo, mosinthanasinthana, kuti awerenge Mawu, apemphere ndi kuthandizana pa mavuto. A CCAP ali ndi milaga, ndipo mipingo ina ili ndi timagulu take. Maepiskopi a chigawo chino cha Africa, m'bungwe lawo la AMECEA, anayamba kulimbikitsa timagulu totere pa msonkhano wa mu 1973, ndipo mu 1976 anagwirizana kuti ntchito ya mpingo izitsamira pamenepo. Kuno kwathu amene anaikapo mtima kwambiri ndi Episkopi Patrick Kalilombe, yemwe anayamba kutsogolera dayosizi ya Lilongwe mu 1972. Boma la Dr. Banda silinakondwe nazo. Linkaganiza kuti anthu akazolowera kukhala pansi m'nyumba n'kumalankhula zakukhosi, mawa adzayamba kukambirana za chipani. Mu 1976 Kalilombe anatuluka m'dziko muno ndipo sanadzalamulirenso dayosiziyo. Andale aja sanalakwitse kwenikweni: anthu ochepa akakhala pamphasa imodzi n'kumamvetserana, amasintha.

Miphakati yambiri imatsata njira yogawana Mawu yochokera ku Lumko, malo ophunzitsira ntchito za mpingo ku South Africa, kumene ansembe Oswald Hirmer ndi Fritz Lobinger ankagwira ntchito. Ili ndi masitepe 7, koma mtima wake uli pakatipo. Ndime ikawerengedwa, aliyense amatchula mawu amodzi kapena awiri amene amugwira, osafotokoza. Kenako pamakhala chete kwa mphindi zingapo. Pambuyo pake ndi pamene munthu amanena zimene wamva mumtima mwake, ndipo lamulo lake ndi lolimba: usalalikire, usaphunzitse mnzako, usayankhe zimene wina wanena. Lankhula za iwe mwini.

Aphunzitsi ankaona ngati ndi zachibwana. Munthu woti anapita ku koleji akhale duu pamkeka, nkhuku zikudutsa, akudikira amayi ogulitsa tomato kuti anene maganizo awo pa Uthenga wa Luka? Komabe kalata ankaifuna, choncho ankabwera.

Tsiku lina tinawerenga fanizo la mwana wolowerera, pa Luka 15. Chete uja atatha, analankhula mayi wina wamasiye, wachikulire ndithu, amene sadziwa kuwerenga ngakhale dzina lake. Tonse timawatchula kuti agogo. Anati iwo sakudziona mwa mwana wothawa uja, akudziona mwa mkulu wake amene anakana kulowa m'nyumba. Mng'ono wawo anachoka pamudzi ali mtsikana, osatumiza ngakhale sopo, pamene iwo anasamala mayi awo okalamba zaka zonsezo. Mng'onoyo atabwera akudwala, mayi aja anamuphera nkhuku yokhayo imene inali pakhomo. "Onse awiri anapita kale," anatero agogo, "koma nkhuku ija ine sindinaikhululukebe. Ndangozindikira lero."

Ena anaseka pang'ono, agogonso anaseka, kenako kunali zii. Aphunzitsi anaweramitsa mutu. Patapita masabata, tikuwerenga pa Mateyu 5 pamene pakunena za munthu wopita ndi mphatso ku guwa ali pa chidani ndi m'bale wake, iwo anatsegula pakamwa koyamba. Mawu ankanjenjemera. Anati papita zaka asakulankhulana ndi achimwene awo chifukwa cha dimba la malemu mayi awo ku Linthipe. Anati nthawi yonseyo ankauza anthu kuti nkhani ndi dimba, koma zoona zake n'zoti achimwenewo ndiwo anawalipirira sukulu pogulitsa mbatata ndi kabichi, ndipo iwo sankafuna kukhala ndi munthu wowakumbutsa kumene anachokera. Palibe anawayankha, poti lamulo silimalola. Agogo anangowagwira pabondo. Loweruka lotsatira anakwera minibasi ya ku Dedza atanyamula shuga ndi mafuta ophikira.

Chaka chimenecho anali munthu wina. Mayi a kunyumba ankanong'oneza anzawo kuti bambo asiya kukalipa, ayamba kufunsa ana za kusukulu, ndipo tsiku lina anapepesa, chinthu chimene chinali chisanachitikepo chikwatiranireni. Sanaphunzire chiphunzitso chatsopano chilichonse m'miyezi imeneyo. Anangomva nkhalamba ikudziulula popanda manyazi, iwonso n'kupeza mphamvu yodziyang'ana. Ine ndimakhulupirira kuti phindu lalikulu la kukambirana za chikhulupiriro ndi limeneli. Munthu sadziona bwino ali yekha, pakuti mtima umadziikira kumbuyo. Koma ukamva mnzako akutchula tchimo lake ndi dzina lake lenileni, lako limayamba kuyabwa.

Zinayamba kupotoka ku sukulu, m'chipinda chopumuliramo aphunzitsi. Mnzawo wina wa mpingo wa Seventh-day Adventist anawaona atanyamula Baibulo ndipo anawafunsa mwaulemu ndithu: "Achimwene, tandisonyezani vesi limene linasamutsa Sabata kuchoka Loweruka kupita Lamulungu." Aphunzitsi anatsegula uku, kutsegula uku, osapeza kanthu. Mnzawoyo anawonjezera kuti amene analamula zopuma tsiku Lamulungu ndi mfumu ya Aroma, Constantine, m'chaka cha 321. Aphunzitsi achitsikana amene ankamwa tiyi pakona anaseka. Kuseka kumeneko ndi kumene kunawalowa m'mafupa.

Ndinenepo apa kuti wa Adventist uja sanali munthu woipa. Masana a Sabata ankayendera odwala m'chipatala, ndipo funso lake linali loyenera kufunsidwa. Dziko lathu lino mafunso otere silinayambe lero kuwamva. Joseph Booth, amene anafika kuno mu 1892 n'kuyambitsa mishoni ku Mitsidi, anasintha mipingo kangapo chifukwa cha nkhani ngati zomwezi za Sabata ndi ubatizo, ndipo m'nyumba mwake ndi mmene munakulira maganizo a John Chilembwe. Mishoni ya Malamulo ku Thyolo yakhala m'manja mwa a Adventist kuyambira 1902. Elliot Kamwana atabwera ndi chiphunzitso cha Watch Tower mu 1908, anabatiza anthu masauzande ambiri ku Nkhata Bay asanathamangitsidwe ndi atsamunda chaka chotsatira. Ndife anthu okonda kufunsa za Mulungu, m'minibasi, pamaliro, pamsika, ndipo mafunsowo atitsegula maso pa zambiri. Vuto la aphunzitsi silinali funso. Linali manyazi amene anapita nawo kunyumba usiku umenewo.

Anayamba kusonkhanitsa zida. Anagula Buku Loyera la mu 1998 kuwonjezera pa Malembo Oyera amene anali nawo, anabwereka Buku Lopatulika kwa neba wa CCAP, anapezanso la Chingerezi lokhala ndi ndemanga m'munsi. Ankatola timabuku tonse togawidwa m'misewu. Usiku ankasinthasintha wailesi kusaka alaliki, kope lili pamwendo. Ndipo anapezadi yankho. Anabwerera kwa mnzawo uja ndi Machitidwe 20, pamene akhristu anasonkhana kunyema mkate tsiku loyamba la sabata, komanso ndi Justin Martyr, amene analemba za akhristu osonkhana tsiku Lamulungu cha m'ma 150, Constantine asanabadwe n'komwe. Wa Adventist anali ndi mayankho ake, koma tsiku limenelo oseka anasekera mbali ina. Aphunzitsi anabwera kunyumba akuyimba mluzu.

Kupambana mtsutso kumakoma, ndipo kukoma kwake sikukhalitsa. Mawa lake umafuna wina. Anayamba kuima pa depoti ya mabasi pamene alaliki a m'misewu amasonkhanitsa anthu, n'kumawatchera mafunso. Anatsutsana ndi a Mboni za Yehova pakhomo pawo mpaka nsima kuzizira. Anatsutsana ndi shehe wina wogulitsa nsalu. Ankadziwa kuti Baibulo la Akatolika lili ndi mabuku 73 pamene la mipingo ina lili ndi 66, ankadziwa za msonkhano wa ku Nicaea wa mu 325, ankadziwa Baibulo liti limalemba Yehova ndi liti limalemba Chauta. Zonsezi n'zoona ndipo n'zabwino kuzidziwa. Koma anali ngati mlimi amene amanola khasu m'mawa uliwonse mpaka kung'anima, kumunda osapondako.

Mumphakati tinayamba kuzimva. Poyamba tinkanyadira kuti tili ndi munthu wodziwa. Tinawasankha kukhala owerenga. Koma nthawi ya chete ija inayamba kuwatalikira; ankatsegulatsegula masamba, kukonzekera zoti anene. Ikafika nthawi yogawana, mawu oti "ine" anasowa pakamwa pawo. M'malo mwake tinkamva "anthu ambiri sadziwa kuti" ndi "kwenikweni ndimeyi ikutanthauza". Tsiku lina agogo anagawana za nkhosa yotayika, n'kusakaniza ndi fanizo la ndalama yotayika, mwina chifukwa onsewo ali m'mutu umodzi. Aphunzitsi anawadula: "Pepani agogo, pamenepo mwasokoneza. Ndi mafanizo awiri osiyana." Analondola. Agogo anati, "Zikomo aphunzitsi, ife sitinapite kusukulu," n'kukonza mpango wawo. Kuyambira tsiku limenelo ankabwera, ankayimba, ankapereka, koma pa kugawana sankatsegulanso pakamwa. Amayi ena anatsatira. Ndani angaulule chilonda chake pamaso pa munthu wogwira cholembera chofiira?

Wapampando wathu, bambo wofatsa wokonza njinga, anawatengera pambali. "Aphunzitsi, nzeru zanu timazifuna, ndipo tikhoza kukonza tsiku lapadera loti muzitiphunzitsa. Koma pa kugawana paja, tiuzeni za inuyo." Iwo anayankha kuti mphakati wasanduka malo ongotonthozana, opanda chakudya chenicheni.

Munthu wozolowera kutsutsa akatha adani akutali amatembenukira kwawo, poti kumeneko ndi kumene amadziwa pofooka ponse. Zida zimene anasonkhanitsa kuti ateteze mpingo wawo anazilozetsa ku mpingo womwewo: zifanizo za m'tchalitchi, korona, ubatizo wa makanda, kupempherera akufa. Anachoka n'kulowa mpingo wina wa chipentekoste, kumene anawalandira ndi manja awiri. Sipanathe chaka, anakangana ndi abusa pa nkhani ya chakhumi. Anapita kwina, kumenekonso anapezako cholakwika pa kabatizidwe. Wapampando atakumana nawo pamsika anangoti, "Mapanga awiri avumbwitsa, aphunzitsi," iwo n'kufunsa kuti mwambi umenewo uli pa vesi liti. Mapeto ake anatsala ndi kagulu ka amuna anzawo kokumana Lamulungu masana kuseri kwa shopu yometera, aliyense ndi Baibulo lake lodzaza mizere. Kumeneko kunalibe wodziwa mkazi wa mnzake, kapena kumene mnzake amagona. Ankadziwana maganizo okha. Pagulu lotere munthu ukhoza kukhala chilichonse chimene pakamwa pako panena, poti palibe anakuona ukukalipira mwana m'mawa.

Kusintha mpingo pakokha si tchimo, ndipo ndikudziwa anthu amene anachoka kwathu n'kukakula bwino kwina. Chimene ndinkaona mwa aphunzitsi n'choti ankachoka paliponse pamene anthu ayamba kuwadziwa.

Kunyumba mayi anapitiriza za Chikatolika mwakachetechete. Akagwada ndi korona, bambo ankaima pakhomo la kuchipinda n'kuyamba kufotokoza chifukwa chake pempherolo silipita kulikonse. Mayiwo anayamba kupemphera m'khitchini, bambo akagona. Malipiro a mphunzitsi ndi ochepa kale, ndiye ena ankathera ku mabuku ndi maulendo a kumisonkhano. Fizi ya mwana wamkulu, amene anali atayamba sekondale, mayi ankaipeza okha, ndipo bambo sankafunsa kuti yachokera kuti.

Kenako apongozi awo aakazi anamwalira ku Mitundu. Ife a mumphakati tinapita, monga mwa mwambo, ndi ufa, nkhuni ndi chipepeso. Usiku amayi anali m'nyumba ya siwa akuyimba, amuna tili panja mozungulira moto. Katekisiti wa kumudziko anaimirira n'kupempha kuti tipempherere mzimu wa malemu. Atangomaliza, aphunzitsi anakonza kukhosi. Anayamba motsitsa, ngati akungofunsa, kuti kodi pemphero limeneli likuchokera pati m'Malembo. Katekisiti anatchula buku lachiwiri la Amakabeo, mutu 12. Aphunzitsi anali akudikira yankho lomwelo. Anakweza mawu, nafotokoza kuti bukulo mulibe m'Baibulo la Chiheberi, kuti munthu akafa nkhani yake yatha, kuti mapemphero onse a usiku umenewo ndi kutaya nthawi, ndipo ngati malemu sanakonze moyo wawo ali ndi mpweya, palibe chimene nyimbo zingasinthe.

Zenera la nyumba ya siwa linali lotsegula. Nyimbo inaima pakati. Mkazi wawo anali atakhala pamutu pa bokosi la mayi ake.

Katekisiti sanayankhe. Mkulu wina wa adzukulu anaimirira n'kunena kuti nkhuni zatha, aphunzitsi atsagane naye akatole zina, ndipo anawatenga n'kukawasiya kutali ndi moto. Pobwerera ku Lilongwe mnzawo wina anawafunsa ngati akuona kuti anachita bwino. Anayankha kuti choonadi sichisankha malo.

Maliro atatha mayi sanabwerere ku Kawale. Anatumiza uthenga woti ana abwere kumudzi sukulu ikatsekera. Patapita nthawi ankhoswe anaitanitsa bwalo. Kuchimuna kunaimira achimwene awo a ku Linthipe aja, kuchikazi mlongo wake wa mayiwo. Aphunzitsi anapita atakonzeka, Baibulo lili m'chikwama, timapepala tili pa Aefeso 5 ndi pa 1 Akorinto 7. Ankayembekezera mlandu wa zimene ananena pamaliro, ndipo anali ndi mayankho ake.

Mlamu wawo sanatchule n'komwe za pamaliro. Anati, "Alamu, ife za mabuku sitidziwa, inu ndinu aphunzitsi. Ndili ndi funso limodzi lokha. Mlongo wangayu amamwa mankhwala m'mawa uliwonse. Ndi a matenda anji?"

Aphunzitsi anangoti kakasi. Anayang'ana mkazi wawo, mkaziyo anayang'ana pansi.

Mayiwo anapezeka ndi matenda othamanga magazi chaka chapitacho, atagwa pamsika. Amene ankawaperekeza kuchipatala mwezi ndi mwezi kukatenga mankhwala anali agogo aja. Fizi ya mwana inkachokera ku katapila, ndipo ngongoleyo inali itakula moti wobwereketsayo anali atatenga kale makina osokera amene mayiwo ankapezera ndiwo. A mumphakati tonse tinkazidziwa, tinasonkhako kawiri konse. M'nyumbamo munthu mmodzi yekha ndiye sankadziwa, ndipo ndi yemwe ankatha kutchula mabuku onse a aneneri motsatana osaphonya.

Achimwene awo analankhula motsitsa. "Mng'ono wanga, tsiku lija unabwera ndi shuga ku Linthipe ndinati Mulungu wandibwezera m'bale. Unakhala pansi, unandifunsa za mwendo wangawu, unamvetsera. Munthu ameneyo unamusiya kuti?"

Sanatsegule chikwama chija. Amene analipo akuti anayesa kuyamba chiganizo kangapo, chilichonse chikuyamba ngati ulaliki, n'kuchisiya panjira. Zaka zonsezo anali atakulitsa lilime lofotokozera zolakwa za Aroma, za Ayuda, za abusa ndi za ansembe, koma lilime lonenera za iwo eni, limene anangoliyamba chaka chimodzi chija, linali litafota.

Pano akubweza ngongole ya katapila pang'onopang'ono, ndipo makina osokera anawaombola. Kuseri kwa shopu yometera sapitako. Mumphakati anabwerako, ngakhale nkhani yoti abwerere ku masakramenti idakali m'manja mwa Bambo Mfumu, ndipo iwo eni akuti mafunso ena akadali nawo, zomwe palibe akuwaletsa. Wapampando sanawabwezere ntchito yowerenga. Anawapatsa kope la odwala, kuti Loweruka lililonse aziyenda nyumba ndi nyumba n'kudzatiuza amene akusowa chiyani. Chizolowezi sichifa msanga: tsiku lina pa kugawana anayamba ndi "kwenikweni m'Chigiriki", wapampando n'kukweza dzanja, iwo n'kukhala chete mpaka pemphero lotsekera. Agogo sanayambebe kugawana iwo akakhalapo.

Mayi akadali ku Mitundu. Anauza ankhoswe kuti sakufuna kalata yopepesa kapena vesi. Akufuna bambo adziwe okha tsiku lawo la kuchipatala, popanda wowakumbutsa, abwere adzawaperekeze ndi kukhala nawo pamzere mpaka alandire mankhwala. Mwezi woyamba aphunzitsi anasokoneza masiku, anafika Lachinayi pamene tsiku linali Lachiwiri, napeza mayi atapita kale ndi mlongo wawo. Ankhoswe agwirizana zodzakhalanso pansi anthu akakolola.